Chala cha Nangozo pa Galasi

Inu amene munamwapo madzi a pachitsime chokumba ndi manja, sendezani mipando, nkhaniyi ndi yanu. Ndi ya munthu wina dzina lake Gelesomu, wa kwa Kankhuni cha kumapiri a ku Ntcheu. Sukulu anailekezera Sitandade 7, koma anali ndi manja osagwetsa chinthu, ndipo anapeza ntchito m'tauni panyumba ina ya kafukufuku imene sitiitchula dzina. Kumeneko anatsuka magalasi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Si magalasi a pazenera ayi. Tinali timagalasi topyapyala, kutalika ngati chala chamkombaphala. Ntchito ya m'chipinda chawo inali yotchera tizilombo ta m'madzi, tija tosaoneka ndi maso timene timatsegula anthu m'mimba. Mwini ntchitoyo, a Dokotala Msukwa, mayi wamfupi wosakonda zoseka, anali ndi kachidindo ka labala kosemedwa timadontho tambirimbiri pamizere. Kachidindoko ankakaviika m'mankhwala omata amene onse ankangoti ulimbo, n'kukadinda pagalasi. Malo otsala ankawapaka mankhwala ena oterera. Akathirapo madzi okhala ndi tizilombo, tizilomboto tinkakakamira paulimbo pokha, tili tamoyo, ta poterera paja n'kukokoloka potsukuluza. Galasilo linkagona m'kabati yofunda imene ankaitcha chofungatira. Mmawa akaliika pansi pa nyale ya buluu m'kachipinda kamdima, timadontho tinkawala mobiriwira, tili ndandanda ngati mapando a chimanga m'munda wa mlangizi. Cholinga chinali choti tsiku lina munthu azingodontheza madzi pagalasi n'kuwerenga ngati chitsime chili bwino kapena ayi.

Lamulo lalikulu la m'chipindamo linali limodzi: galasi lisakhudzidwe ndi chala. Thukuta la munthu nalonso ndi ulimbo, ankatero a Dokotala, ukangogwira pang'ono tizilombo timasiya mizere n'kutsata pamene wagwirapo. Choncho Gelesomu ankatsuka ndi sopo, kuviika mu asidi, kutsukuluza kasanu ndi kawiri, kuumitsa mu uvuni, zonsezo atavala magolovesi, akugwira ndi kopanira. Felesiya, mtsikana wophunzira amene ankathandiza a Dokotala, wa pakamwa posatseka, ankakonda kunena kuti madala Gelesomu akanamasisita mayi akunyumba mmene amasisitira galasi, bwenzi mayiwo atanenepa mpaka kukanika pakhomo. Gelesomu ankangoseka. Zaka zonsezo palibe galasi limene linabwezedwa chifukwa cha iye.

Tchimo lake linabwera ndi mvula ya Januwale. Chaka chimenecho matenda otsegula m'mimba anali atayamba kugwetsa anthu m'midzi ya kumapiri, ndipo a Dokotala anafuna madzi a m'zitsime za kumeneko, kuti ayesere magalasi awo komanso kuti adziwitse a zaumoyo zitsime zoyenera kutseka. Poti kwa Kankhuni kunali kwawo, anatuma Gelesomu. Anamupatsa mabotolo olembedwa manambala, bokosi la ayezi, ndi mapepala oti pachitsime chilichonse munthu mmodzi wotunga pamenepo asainire kapena adinde chala kuvomereza.

Chitsime cha kwawo chinakumbidwa ndi malemu bambo ake, a Lufeyo, okha ndi khasu ndi chitini, chilimwe chathunthu. Mwini atamwalira dzina linatsala pomwepo, mwana aliyense ankati ndikupita kwa a Lufeyo. Tsiku limene Gelesomu anafika anaona chinthu chimene sakanalephera kuchiona. Chimbudzi cha achimwene ake, a Dafita, chimene chinali kumtunda kwa chitsime, chinali chitagumuka ndi mvula, ndipo kangalande ka matope akuda kanatsetsereka mpaka pamitengo yotchinga pakamwa pa chitsimecho. Atatunga, ananunkhiza botolo. Munthu wa ntchito yake safunika makina kuti adziwe fungo limenelo.

Amene anadinda chala anali Nangozo, amayi ake aang'ono, amene anamuyamwitsa Gelesomuyo pamene amayi ake omubereka ankadwala. Anali oluka mphasa, ndipo chala chawo chachikulu chinali ndi chipsera chopingasa, cha mpeni wong'alulira bango. Atadinda anayang'ana papepala n'kuseka.

"Waona, mwana wanga? Changa chili ndi msewu pakati. Ukawauze a dokotala akowo kuti sangachisokoneze ndi cha wina."

A Dafita anamuperekeza kumsewu. Panjira anayamba ndi za mvula, za feteleza, kenaka n'kufika pamene ankafuna. Anati kumudzi woyandikana nawo a zaumoyo anathira miyala m'chitsime n'kupakapo simenti, tsopano amayi akuyenda maola awiri kupita kumjigo. Anati chimbudzi chija achikonza mvula ikangodula, madzi adzayera okha monga amayerera chaka chilichonse. Potsiriza anaima n'kumugwira paphewa.

"Iwe mphwanga, bambo anakumba chitsime ndi zikhadabo. Ndiye wodzachikwirira akhale mwana wawo yemwe? Anthu adzati chiyani?"

Munthu akafuna kuchimwa, zifukwa zimabwera zokha, zitavala bwino. Gelesomu anaganiza za amayi oyenda maola awiri. Anaganiza zoti anthu amwa madzi amenewo zaka makumi anayi. Koma kunena zoona, chimene chinamulemera kwambiri n'choti akadzabwera pa Isitala anthu azidzamulozerana ndi milomo. Ali pamsika kudikira minibasi, anazembera kuseri kwa golosale, nakhuthula botolo nambala 14, la pachitsime cha a Lufeyo lija, nalitsuka bwinobwino monga mwa ntchito yake, nalidzaza madzi a pamjigo wa pamsikapo.

Zotsatira zinatuluka kuti chitsime cha a Lufeyo n'chabwino. Kalata inapita, ndipo anaiwerenga m'tchalitchi pa zolengeza.

Patatha milungu itatu Nangozo anadwala Lamulungu madzulo, Lolemba dzuwa likupendeka n'kutsirizika. Anthu anati ndi mango osapsa, ena anati ukalamba, ena ananong'ona mayina a anthu. Za madzi palibe anatchula, poti pepala linali litanena. Pamaliro Gelesomu analira kwambiri, koma ankangomwa tiyi yekha, madzi akamupatsa ankati wamwa kale. Achibale anagwirizana kuti kumeta kachiwiri kusadikire kukolola, kuchitike Loweruka lachitatu la Malichi, pamene mwana wa malemuwo adzakhale atabwera kuchokera ku Joni. Uthenga unapita ku Balaka, ku Tsangano, mpaka kutsidya kwa malire. Onsewo anali oti adzamwe, adzasambe m'manja ndi kutsukira mbale madzi a pachitsime chimodzi.

Zachilendo zinayamba Lolemba la mlungu womwewo.

Gelesomu ndiye ankayamba kufika, sikisi isanakwane. Atatsekula chitseko anamva fungo la bango lonyowa, lija limamveka pakhonde la munthu woluka mphasa. Mpopi unkadontha, chikhalirecho anautseka yekha Lachisanu. Pansi panali madzi, osati chithaphwi, koma timadontho totsatana kuchoka pakhomo kukafika pachofungatira, monga mmene ndowa yodzaza imadonthera munthu akaisenza. Timagalasi timene anaumitsa tinali makumi awiri. Anawerenga katatu, tinali khumi ndi tisanu ndi tinayi. Anakolopa msangamsanga osauza munthu.

A Dokotala atatulutsa galasi la m'chofungatira, anakhalitsa m'kachipinda kamdima kuposa masiku onse. Potuluka anati mizere yapindika. Timadontho tinali titasiya ulimbo n'kukhotakhota ngati akalozera a paphiri. Anati kachidindo katha, mawa agwiritsa ntchito katsopano. Felesiya anati mwina tizilombo taledzera kumapeto a sabata, nato ndi tianthu.

Lachiwiri mmawa kunali nkhungu. Kuchoka pamene minibasi imatsitsa anthu kukafika pageti pali kamsewu ka mitengo ya bulugama, ndipo m'kamsewu kameneko Gelesomu anapeza mayi wina patsogolo pake, atasenza ndowa. Zinamudabwitsa pang'ono, chifukwa dera limenelo n'la maofesi, kulibe wotunga madzi. Mayiyo anali wopanda nsapato, chitenje atafunda mpaka kumutu pansi pa nkhata. Gelesomu anafulumiza kuti amupitirire, koma mtunda wa pakati pawo sunkachepa. Anachepetsa liwiro, sunakulenso. Ndowa inali yodzaza ndendende koma madzi ake sankagwedezeka. Kenaka mayiyo analankhula osatembenuka.

"Kumene amaona madzi ndi kuno?"

Gelesomu anayankha kuti eya, ndi komweko. Mawuwo anatuluka okha, mwaulemu, monga mwana amayankhira mkulu. Pokhota pa mpanda mayiyo anakhota, ndipo Gelesomu atafikapo anangopeza phula lonyowa mozungulira, kukula ngati pansi pa ndowa. Mlonda wa pageti, atafunsidwa, anati chiyambire faifi sipanadutse munthu kupatula galu.

Tsiku limenelo a Dokotala anaitana onse awiri m'kachipinda kamdima. Galasi linali pansi pa nyale. Panalibenso mizere kapena timadontho. Tizilombo tonse tinali titasonkhana pakati n'kujambula chala chachikulu cha munthu, mizere yake yonse yozungulira ikuwala mobiriwira, moonekera bwino kuposa cha inki papepala. Pakati pake panadutsa mzere wakuda wopingasa pamene sipanakhale kachilombo ndi kamodzi komwe.

A Dokotala sanakweze mawu, koma anati wina wagwira galasi ndi chala chosavala, ndipo ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi ikuonongeka chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi. Ankayang'ana Gelesomu. Felesiya, pofuna kupeputsa zinthu, anathamangira ku ofesi n'kubwera ndi inki ya chidindo. Anati lero tonse ndife akaidi, a Dokotala omwe, palibe wothawa. Anadinda onse atatu, manja onse awiri, anaitananso mlonda ndi mayi wosesa. Anayerekeza chimodzichimodzi.

"Madala mwapulumuka," anatero Felesiya. "Chanu n'chosalala ngati cha wansembe. Uyu ndi munthu wogwira mpeni uyu."

Gelesomu anaseka nawo. Pepala la Nangozo linali mufayilo ya buluu, pashelefu, mikono iwiri kuchokera pamene anaima. Akanangotambasula dzanja. M'malo mwake anapempha kuti akatsuke mabotolo, natsekula mpopi mwamphamvu kuti asamve zimene anzake ankakambirana.

Lachitatu a Dokotala anati safuna dzanja la munthu wina aliyense. Anatsekula bokosi latsopano la timagalasi lomata kuchokera kufakitale, natsuka okha, nadinda okha. Anakonza magalasi anayi. Atatu anathirapo tizilombo, lachinayi anathirapo madzi ophitsa okhaokha, opanda kanthu kamoyo, kuti likhale mboni. Chofungatira anachikhoma ndi loko wa kunyumba kwawo, kiyi n'kumuika m'chikwama.

Masana a tsiku limenelo, dzuwa lili pamutu, Gelesomu ali yekha pasinki, anamva phokoso m'paipi. Mapaipi a nyumba zakale amalira, zimenezo ankazidziwa. Koma uku kunali kulira kwina: kwii, kwii, kupuma, kwii, ngati chingwe chonyowa chikukhuza mtengo munthu akamakoka ndowa. Kenaka phava, ndowa kugwera m'madzi akuya. Kenaka kuyambiranso. Atatembenuka anapeza Felesiya ataima pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja, nkhope itachita phulusa. Anayang'anana. Palibe anafunsa mnzake ngati wamva.

Lachinayi loko anali wokhoma monga anamusiyira. Magalasi atatu aja anali ndi chala chomwe chija, malo omwewo. Ndipo lachinayi, la madzi ophitsa, limene silinayenera kuwala ngakhale pang'ono, linkawala kuposa onse. Pamenepo zala zinali ziwiri. Pambali pa chachikulu chija panali china chaching'ono ngati njere ya mtedza, chotuwa, chosadzaza bwino, ngati tizilombo tikadali panjira kubwera.

A Dokotala, amene ankati zamizimu ndi nkhani za anthu osafuna kuganiza, anavula magalasi a m'maso, nawapukuta, nawavalanso. Anatenga galasilo kukaliona pa makina okuza zinthu. Atabwerako anangoti tizilombo tili tamoyo, tikuyenda, ndipo mtundu wake si umene amasunga m'nyumba muno. Felesiya anati iye m'kachipinda kamdima salowanso yekha, amuchotse ntchito ngati akufuna.

Gelesomu anatuluka panja n'kuimbira foni a Dafita. Kumudzi kunali phokoso la mitondo, amayi akusinja za thobwa. A Dafita anati zonse zili bwino, wa ku Joni wafika, a ku Tsangano anyamuka mawa. Koma kwa Esinala, mdzukulu wa malemu Nangozo, kamwana kake, kamtsikana ka zaka zinayi dzina lake Mwatitha, kadzuka kakutsegula m'mimba. Anati si zodetsa nkhawa, akukamwetsa thanzi.

Gelesomu anafunsa kuti thanziyo akusungunulira madzi ati.

"A kwa a Lufeyo, nanga ati?"

Gelesomu anati bwenzi akuyamba awaphitsa.

"Chifukwa chiyani? Si pepala lanu lomwe lija linati ndi abwino?"

Apa ndi pamene munthu akanayankhula. A Dafita ankadziwa za chimbudzi, koma za kuseri kwa golosale sankazidziwa. Iwo ankakhulupiriradi kuti makina anaona madzi awo n'kuwayamikira. Gelesomu anatsekula pakamwa. Anaona ntchito yake ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anaona nkhope ya Esinala, anaona mwana wa ku Joni akumva kuti amayi ake anaphedwa ndi ndani.

"Ndangonena," anatero. "Nyengo ya mvula ino."

Anadula foni. Tsiku lonselo anatsuka mabotolo oyera kale.

Lachisanu sanafune kufika woyamba. Anazengereza pasiteji mpaka anaona galimoto ya a Dokotala ikulowa, nalowa pambuyo pawo. Fungo la bango linali paliponse, tsopano losakanikirana ndi lina, lija ananunkhiza m'botolo mu Januwale. Felesiya anali ataima kukhonde, chikwama chili pachifuwa, akukana kulowa. Patebulo la pakati, pamene madzulo anasiya popanda kanthu, panali botolo. Mabotolo a ulendo wa Januwale Gelesomu anawatsuka yekha kalekale n'kufufuta manambala. Ili linali ndi nambala yake, 14, m'kalembedwe komwe kaja. Linali lodzaza mpaka pakhosi ndi madzi otuwa, ndipo kunja kwake kunali konyowa ngati langotuluka kumene m'chitsime.

A Dokotala sanalikhudze. Anatsekula chofungatira, natenga galasi limodzi lokha limene anaikamo dzulo lake, nalowa m'kachipinda kamdima. Patapita nthawi anaitana, mawu awo ali aang'ono ngati a munthu wina.

Galasi lonse linali zala. Kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, zazikulu, zazing'ono, zina zopingasa, zina zosanjikizana, monga anthu akamapanikizana pakhomo la nyumba ya siwa. Zonse zinali zotuwa, zongoyamba kumene. Ziwiri zokha pakati ndizo zinkawala mokwanira, chachikulu cha chipsera chija ndi kakang'ono kaja. Kakang'onoko tsopano kanali katadzaza.

Felesiya, amene anali atalowa atagwira mkono wa Gelesomu, anayamba kuwerenga monong'ona. Atafika makumi anayi analeka. M'paipi ya kukhoma chingwe chija chinayamba kulira, pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno onse atatu anachimva limodzi.

"Botolo 14 ndi la kuti?" anafunsa Felesiya, osayang'ana munthu.

Gelesomu anakhala pansi pasimenti, mumdima momwemo. Anayamba ndi chimbudzi, nanena za achimwene ake, za golosale, za mjigo, za kalata ya m'tchalitchi, za tiyi wa pamaliro. Anauza Felesiya kuti akatenge fayilo ya buluu. Ataika pepala la Nangozo pambali pa galasi, panalibe chofunsanso.

Gelesomu ankadikira kutukwanidwa, ndipo akanakondwa nako. Koma a Dokotala anangofunsa kuti mwambowo ndi liti, ndipo kubwera anthu angati. Gelesomu anati mawa, mwina mazana awiri. A Dokotala anati za ntchito yake akambirana pambuyo, panopa atenge foni aimbire achimwene ake.

A Dafita anamvetsera mpaka pakati, kenaka anati mphwawo wapenga kapena waledzera. Anati migolo isanu ya thobwa yaphikidwa kale, alendo ali pabwalo, ndipo munthu sangaimirire pamaso pa akuchimuna ndi akuchikazi n'kunena kuti madzi a pamudzi pano ndi a m'chimbudzi. Za mwana anati ali chigonere, amayi ali naye. Anadula, ndipo Gelesomu atayesanso foni inali yozimitsa. A Dokotala anaimbira a zaumoyo a kuderalo, koma galimoto yawo inali itatitimira kwina ndi odwala. Anagwirizana zonyamuka okha mbandakucha ndi mankhwala othira m'madzi, chifukwa msewu wa kwa Kankhuni nthawi ya mvula sayendamo kukada.

Ananyamuka tambala woyamba atalira. Panjira Felesiya anapempha kawiri kuti zenera litsekulidwe, ati m'galimoto mukununkha bango. Pamlatho wa mitengo anatitimira, nakankha, matope mpaka m'mawondo. Anafika pamphambano ya kwa Kankhuni dzuwa litakwera kale.

Pamsewu panali masamba. Nthambi zaziwisi, zothyola mmawa womwewo, zitayalidwa mopingasa. A Dokotala anafunsa ngati ndi za mwambo uja. Gelesomu anapukusa mutu. Pa kumeta kachiwiri saika masamba pamsewu. Masamba ndi a maliro atsopano.

Sanadikire kuti galimoto iime bwino. Anathamanga kudutsa pabwalo, pamene amuna anakhala m'magulu pansi pa mitengo, kudutsa pamafuwa pamene miphika inali itatereka. Mnyamata wina ankazungulira ndi beseni ndi jagi kusambitsa alendo m'manja, Gelesomu anamulanda jagiyo n'kuitaya kutali. Anthu anadzuka. Kunjira ya kuchitsime kunkabwera mzere wa amayi, khumi kapena kuposa, ndowa zili pamutu, ena akadali pachitsimepo kukoka. Anawadutsa, nakwera pamitengo ya pakamwa pa chitsime, nagwira chingwe ndi manja awiri.

Mawu oyamba sanamveke. Anayambiranso. Anati madzi awa asamwe munthu, asasambe, asatsukire mbale. Anati pepala limene linawerengedwa m'tchalitchi linali labodza, ndipo bodzalo silinali la makina kapena la adokotala, linali lake. Madzi amene anayezedwa anali a pamjigo wa pamsika. A pano anawataya yekha kuseri kwa golosale.

A Dafita anafika akupuma mofulumira, namugwira malaya kuti amutsitse, akunena kuti anthu asamumvere, mutu wake sukuyenda bwino chimwalirireni amayi aang'ono. Koma a Dokotala anali atafika pambuyo pawo, matope ali m'miyendo, ndipo ananena mawu ochepa okha, kuti bamboyu akunena zoona. Dzanja la a Dafita linatsika lokha. Anayang'ana kumtunda, kumene chimbudzi chija chinali chikhalire chogumuka, atangochitchinga ndi mapesi.

Mayi wina wachikulire anatula ndowa yake, naipendeketsa ndi phazi. Wina anachita chimodzimodzi, kenaka wina. Madzi anayenderera m'njira kudutsa pakati pa mapazi a anthu, ndipo ana amene anafuna kupondamo anakokedwa ndi amayi awo. Kubwalo kunamveka migolo ikugubuduzika. Mwana wa ku Joni anaima patali, manja ali m'matumba, akuyang'ana Gelesomu osaphethira.

Kenaka anthu anapatuka. Esinala ankabwera kuchokera kunyumba ya siwa, amayi awiri atamugwira m'mikono, nsalu itamangidwa pamimba. Maso ake anali ouma, misozi inali itatha usiku. Anaima patsogolo pa chitsime. Gelesomu anatsika pamitengo paja n'kugwada m'matope.

"Amalume," anatero Esinala, ndi mawu osasa. "Ine ndamumwetsa ndekha. Kapu iliyonse akasanza ndimathira ina, ndimati ndikumuthandiza. Ndiye ndiuzeni chimodzi chokha. Mwadziwa dzulo?"

Bodza linali pafupi, ndipo likanamveka. Dzulo ndi pamene anaulula, a Dokotala akanachitira umboni.

"Ayi, mwanangu."

"Liti?"

"Tsiku lomwe ndinatunga. Agogo ako ali moyo."

Amayi amene anamugwira aja analimbitsa manja, poganiza kuti agwa kapena amulumphira. Esinala sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anayang'ana pamutu pa munthu wogwadayo nthawi yaitali, mpaka Gelesomu anayamba kunena kuti pepani, pepani, mawu osathandiza kanthu.

"Musapepese ine," anatero. "Sanamutseke. Tiyeni mukamuone nkhope, mudziwe amene mukumupepesa."

Anatembenuka, amayi aja namutsatira. Gelesomu anadzuka, matope akudontha m'mawondo, nayenda pambuyo pawo pakati pa anthu mazana awiri amene anamupatukira njira osamukhudza. Pakhomo la nyumbayo nyimbo inaleka. Anawerama, nalowa.